Zida za Msilikali wa Chiroma: Poyenera Kutsata Mbiri ndi Poyenera Kulolera Zamakono

Mu 1964 akatswiri ofukula zinthu zakale anapeza bokosi lamatabwa pa Corbridge, kumpoto kwa England, kufupi ndi khoma la Hadrian. Munali nsonga za mikondo, misomali, zipangizo za ukalipentala ndi zidutswa za malaya achitsulo a asilikali a Chiroma. Zambiri mwa zidutswazo zinali zothyoka kapena zoti zinakonzedwapo kale: apa hinjesi yosafanana ndi inzake, apo liveti lokhomedwa mothamanga pamalo pa lakale. Bokosi limeneli ndi lomwe linathandiza H. Russell Robinson ndi Charles Daniels kumvetsa momwe malayawo ankalumikizidwira, ndipo malaya ambiri otere omwe magulu otsanzira asilikali a Chiroma amavala lero ku Britain, Germany ndi America anachokera pa ntchito yawoyo. Koma bokosilo likunenanso china chomwe ogula zida sakonda kumva. Zida za Aroma zinkathyoka, ndipo gulu lankhondo linkayenda ndi amisiri ake ozikonza.

Munthu wofuna kuvala ngati msilikali wa nthawi ya mafumu a Chiroma Claudius kapena Trajan amauzidwa kuti asankhe chimodzi: zida zofanana ndi zakale zomwe sizichedwa kuwonongeka, kapena zolimba zomwe zikunamiza woonera. Mbali zambiri kusankhako kulibe. Malaya oluka ndi timphete tachitsulo, nsapato ndi zovala zikapangidwa momwe Aroma ankapangira ndi zomwe zimakhalitsa kuposa zachidule zamakono. Kulimbana kwenikweni pakati pa mbiri ndi kulimba kuli pa malo ochepa: tizitsulo tamkuwa ta pa malaya, guluu wa chishango, lupanga lomenyanirana, tenti ndi ziwiya zodyera. Ndipo cholakwa chomwe chimabwera kawirikawiri n'choganiza kuti chinthu chikakhuthala ndiye kuti chalimba.

Yambani ndi ntchito yomwe zidazo zidzagwire

Magulu amachita zinthu zitatu zosiyana. Ena amaima pa bwalo la nyumba yosungiramo zinthu zakale, kuguba, kuonetsa makonzedwe a nkhondo ndi kulola ana asukulu kugwira zida. Ermine Street Guard ya ku Britain, yomwe inayamba mu 1972, imadziwika ndi zimenezi. Ena amayenda maulendo aatali atasenza zonse, monga anachitira Marcus Junkelmann ndi anzake mu 1985 pomwe anachoka ku Verona n'kudutsa mapiri a Alps mpaka ku Augsburg, mtunda woposa makilomita 500, aliyense ali ndi katundu woposa makilogalamu 40. Ena amamenyana ndi malupanga obuntha. Woima pa chionetsero amaweruzidwa ndi maso a munthu amene ali pa mtunda wa mkono umodzi. Woyenda ulendo amaweruzidwa ndi mapewa ndi mapazi ake. Womenyana amaweruzidwa ndi chitetezo cha mnzake. Chida chimodzi sichingakhoze bwino mayeso atatu onsewa, choncho m'munsimu tizinena kuti njira iyi ikuyenera yani.

Sankhaninso zaka ndi dera musanagule kanthu. Chisoti cha nthawi ya Julius Caesar pamwamba pa malaya a m'zaka za m'ma 150 AD chili ngati kuvala msilikali wa nkhondo ya 1914 ndi chipewa cha lero. Apa pali mfundo yothandizanso omwe amakonza sewero la Njira ya Mtanda kumatchalitchi: mu nthawi ya Pilato, kuyambira 26 mpaka 36 AD, ku Yudeya kunali asilikali a magulu othandizira, pomwe magulu akuluakulu a legio anali ku Syria. Malaya a timphete ndi chishango chobulungira motalika ndi zomwe zikuyenera asilikali amenewo kuposa malaya a malamba achitsulo omwe timawaona m'zithunzi.

Malaya a malamba achitsulo

Dzina loti lorica segmentata si la Aroma. Analipanga akatswiri a ku Ulaya patapita zaka zoposa 1,000. Mitundu yodziwika ndi itatu. Wa Kalkriese unapezeka ku Germany, pamalo pomwe akatswiri ambiri amakhulupirira kuti Varus, mkulu wa asilikali a Chiroma, anagonjetsedwa mu 9 AD. Wa Corbridge ndi wa kuyambira m'ma 40 AD mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 100. Wa Newstead, womwe James Curle anafukula kufupi ndi Melrose ku Scotland pakati pa 1905 ndi 1910, unabwera pambuyo pake, uli ndi mahinjesi akuluakulu ndi tizitsulo tochepa. Mukafuna malaya osavutavuta ndipo zaka zomwe mwasankha zikulola, tengani wa Newstead. Mukatenga wa Corbridge, dziwani kuti pa mtundu A chapamwamba chimamangidwa ku malamba a pamimba ndi timalamba tachikopa, pomwe pa B ndi C chimakolekedwa ndi tingowe tamkuwa. Tingowe timapirira thukuta kuposa chikopa koma timawongoka munthu akawerama mwadzidzidzi.

Nkhani yaikulu ndi kukhuthala kwa chitsulo. Malamba ozungulira mimba omwe anafukulidwa ambiri ali pakati pa mamilimita 0.7 ndi 1, ndipo zapamapewa n'zokhuthalirapo. Kafukufuku wa David Sim ndi Jaime Kaminski anasonyeza kuti chitsulocho chinali chouma chifukwa cha kusulidwa, osati chofewa ngati lata. Pamsika lero mupeza mild steel, chitsulo wamba chofewerapo, ya geji 20, yomwe ndi pafupifupi mamilimita 0.9, geji 18 ya 1.2, ndi geji 16 ya 1.5. Masamu ake ndi osavuta: chitsulo cha milimita imodzi chokwana sikweya mita imodzi chimalemera makilogalamu 7.85, kotero malaya omwe akanalemera 6 pa geji 20 amafika 8 pa geji 18 ndi 10 pa geji 16. Makilogalamu anayi owonjezerawo amalendewera pa timalamba tachikopa tomwe tija ndi mahinjesi omwe aja. Zotsatira zake, malaya "olimba" a geji 16 ndi omwe amayamba kung'amba zikopa ndi kuzula maliveti, ndipo mwini wake amakhala atatopa dzuwa lisanafike pamutu.

Chisankho chathu n'chakuti malamba a pamimba akhale geji 20, m'mphepete mwa lamba wapamwamba ndi wapansi mupindidwe kuti asacheke thupi komanso kuti aume, ndipo zapamapewa ndi zapachifuwa zikhale geji 18. Womenyana akhoza kuika geji 18 ponseponse. Wina wokhala ndi ndalama angapangitse a spring steel (chitsulo cha masipuling'i) yopyapyala yowotchedwa bwino, yomwe siphwanyika msanga ndipo pa kulemera ndi kuuma imayandikira zakale kuposa mild steel, koma kuiboola pokonza kumafuna chobowolera chabwino. Stainless steel sichita dzimbiri, inde, koma imawala mobiriwira ngati sinki ya kukhitchini, ndipo magulu ambiri osamala saivomera. Aluminiyamu ndi wa m'mafilimu basi.

Tizitsulo tamkuwa ndiye pomwe pali kulimbana koona. Aroma ankadula mahinjesi ndi zomangira kuchokera ku mkuwa wachikasu wopyapyala kwambiri, nthawi zambiri theka la milimita kapena kuposerapo pang'ono, n'kuupinda pawiri. N'chifukwa chake tizidutswa timeneti timapezeka paliponse pomwe panali msasa wa asilikali: tinkagwa tokha. Njira zilipo zitatu. Mukatsata kupyapyala kwakaleko, maonekedwe amakhala enieni koma muzikonza chaka chilichonse. Mukagula mahinjesi otsanulidwa mu chikombole, omwe amadzaza pa malaya otchipa, mumapeza okhuthala, ooneka ngati a pa chitseko, ndipo akakakamizidwa sapindika koma amaduka, wodukayo sakonzeka. Njira yapakati ndi mkuwa wa mamilimita 0.7 kapena 0.8 wodulidwa ndi kupindidwa ngati wakale. Kusiyana kwake diso silikuona, koma moyo wa hinjesi umatalika kwambiri. Apa ndi pamalo poyenera kulolera. Kumbukirani kuti mkuwa ukapindidwapindidwa umauma n'kusweka. Muuwotche mpaka ufiire pang'ono musanaupinde kachiwiri.

Mkati mwa malaya, theka lililonse la malamba a pamimba limagwiridwa ndi timalamba titatu tachikopa, tokhomedwa ndi maliveti amkuwa okhala ndi mawashala. Gwiritsani chikopa chofufutidwa ndi makungwa a mitengo, chokhuthala mamilimita 2.5 mpaka 3, chodulidwa motsata msana wa ng'ombe, osati cha kumimba chomwe chimatamuka. Bowo likhale lothina pa liveti ndipo lisayandikire m'mphepete. Ena amabisa lamba wa nayiloni kumbuyo kwa chikopa. Amagwira, koma tsiku lomwe mlendo adzapemphe kuona mkati mudzachita manyazi, ndipo nayiloni amapangitsa kuti m'malo mwa chikopa chotchipa, chithyoke ndi chitsulo chamkuwa. Chikopa chizikhala chofooka kuposa zonse mwadala, chifukwa ndicho chosavuta kusintha.

Malaya a timphete

Apa mbiri ndi kulimba zili mbali imodzi. Lorica hamata ya Aroma inkalukidwa kamphete kamodzi kulowa mu tinayi, mzere wina wa timphete tathunthu todulidwa pa chitsulo chafulati, mzere wotsatira wa timphete totsekedwa ndi kaliveti kozungulira. Tambiri tinali ndi bowo la mamilimita 5 mpaka 7. Malaya otchipa amakono amangokumaniza nsonga za waya osakhoma. Kuti timphete totere tisatseguke amagwiritsa waya wokhuthala, wa mamilimita 1.6, ndi mabowo aakulu a 8 kapena 10, ndiye malayawo amalemera kuposa enieni, komabe amatseguka m'khwapa ndi pamapewa pomwe pamakokeka. Mwagula cholemera, chosafanana ndi chakale, chong'ambikanso. Palibe chomwe mwapindula kupatula mtengo.

Pa okhomedwa, ambiri amapangidwa ku India ndipo amasiyana ubwino. Funsani a bowo la mamilimita 6, theka timphete tathunthu, theka tokhomedwa ndi liveti lozungulira. Liveti lafulati la makona atatu ndi la m'zaka za m'ma 1200 kupita m'tsogolo, si la Aroma. Akafika, ayang'anitseni pa kuwala mzere ndi mzere: pamakhala timphete tina tomwe liveti linagwa kapena silinakhomedwe, ndipo ndi bwino kutitseka musanavale. Okutidwa ndi zinki sachita dzimbiri msanga koma amadetsa mkanjo ndi fumbi lotuwa ndipo amanunkha akakumana ndi thukuta. Zinkiyo imachoka mukawaviika mu viniga usiku umodzi panja, kenako n'kutsuka, kuumitsa msanga ndi kupaka mafuta. Musayese kuichotsa ndi moto, utsi wake ndi woipa m'mapapo. Lamba womangidwa bwino m'chiuno, malaya atakwezedwa pang'ono pamwamba pake, amachotsa gawo la kulemera pamapewa. Ambiri omwe amadandaula kuti timphete tikulemera sanamange lamba moyenera.

Malaya a mamba, lorica squamata, tingowatchula mwachidule. Mamba amalumikizidwa ndi waya m'mizere kenako n'kusokerera pa nsalu ya bafuta, monga zikuonekera pa zidutswa za ku Carpow ku Scotland. Chofooka chake ndi ulusi, womwe umadyedwa ndi m'mphepete mwa mabowo. Salazani bowo lililonse ndi tupa, sokani ndi ulusi wabafuta wopaka phula, ndipo vomerezani kuti muzisoka kawirikawiri.

Chisoti

Aroma ankasula mbale ya chisoti ndi chotchinga khosi kuchokera ku chitsulo chimodzi, ndipo zina zamkuwa ankazipanga pozizunguza pa makina. Zamakono zambiri ndi zidutswa ziwiri kapena zitatu zowotchereredwa, mzere wake n'kuupala. Kuwotchererako kukachitika bwino n'kosaoneka kunja, ndipo chisoti chosulidwa ndi manja chimadula kangapo; wongoyamba asadzivute nacho. Choyenera kukana ndi mawonekedwe olakwika, makamaka chisoti chotchuka chomwe ogulitsa amachitcha trooper helmet, chomwe sichifanana ndi china chilichonse chofukulidwa. Funsani wogulitsa kuti chisotichi chatengera chiti: Imperial Gallic G ya ku Mainz-Weisenau, mwachitsanzo, kapena Imperial Italic G ya ku Hebron yokhala ndi zitsulo zopingasa pamwamba. Akalephera kuyankha, pitani kwina.

Chikhale ndi mpata wa sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka kuzungulira mutu. Mpatawo mudzaze ndi chipewa cha ubweya wopondereza chovulika, osati siponji yomatidwa. Siponji simwa thukuta, imaphwanyika, ndipo pansi pake dzimbiri limadya osaoneka. Chingwe chachikopa chiyambire pa mphete ya pansi pa chotchinga khosi, chipingasane pansi pa chibwano, chilowe mu timphete ta zotchinga masaya. Chikamangidwa choncho chisoti sichigwera kumaso ngakhale chimenyedwe kumbuyo.

Chishango

Zitsanzo zomwe aliyense amatengera ndi ziwiri. Cha ku Kasr el-Harit ku Egypt n'chotalika masentimita 128, mulifupi 63.5, chopangidwa ndi timatabwa topyapyala tomatidwa m'magawo atatu opingasana, chokutidwa ndi ubweya wopondereza. Chomwe Peter Connolly anapanga mochitsanzira chinalemera makilogalamu 10. Cha ku Dura-Europos ku Syria, mzinda womwe unagwa cha m'ma 256 AD, chili ku Yale University Art Gallery: chotalika masentimita 105.5, chokhota kwambiri, chokhuthala pafupifupi theka la sentimita. Choncho Aroma ankapanga kale chomwe ife timachitcha pulayiwudi. Kugwiritsa pulayiwudi wamakono si tchimo lalikulu, bola akutidwe mbali zonse.

Kapangidwe kofala ndi aka. Dulani mapepala a pulayiwudi a mamilimita 3, pakani guluu mokwanira pakati pawo, muwapinde pa chikombole kapena pa mgolo, mumange ndi malamba okoka, musiye maola osachepera 24, makamaka 48. Pindani mopitirira pang'ono chifukwa chikamasulidwa chimabwerera. Mapepala awiri amapereka mamilimita 6, chishango chopepuka choyenera kuguba ndi ulendo. Atatu amapereka 9, choyenera kumenyana, koma thabwa lokhalo limalemera ndi theka lina. Bowo la dzanja likhale masentimita 12 kapena 13, chogwirira chopingasa. Matani nsalu ya bafuta kutsogolo ndi kumbuyo. Nsaluyi si yokongoletsa: ndiyo imagwira thabwa likang'aluka, ndipo chishango chopanda nsalu kumbuyo chimalasa mkono ndi tizidutswa tosongoka ta thabwa.

Guluu ndiye malo ena olimbanirana. Wa zikopa ndi mafupa, wofanana ndi wakale, amagwira mwamphamvu pouma koma amafewa pa chinyezi. Aroma ankalidziwa vutoli. Wolemba mbiri wakale Cassius Dio akufotokoza kuti pa nkhondo ya Varus mvula inanyowetsa zishango mpaka zinakhala zosagwiritsika ntchito, ndipo Caesar analemba kuti pa mtsinje wa Sabis mu 57 BC asilikali ake analibe ngakhale nthawi yovula zophimbira pa zishango. Zophimbira zoterozo, za chikopa cha mbuzi, zinapezeka m'misasa ya Aroma ya ku Vindonissa ku Switzerland ndi ku Valkenburg ku Netherlands. Mukasankha guluu wakale, sokaninso chophimbira, ndipo musasiye chishango pa udzu usiku. Mukasankha guluu wamakono wa matabwa wosalowa madzi, palibe amene adzaone, ndipo chishango chidzapirira mvula ya ku Britain zaka zambiri. Kwa aliyense kupatula wochita kafukufuku, wamakonoyo ndiye wanzeru.

M'mphepete mungaike mkuwa wopindidwa ngati ngalande kapena chikopa chosafufuta. Zonse ziwiri zili ndi umboni: timikuwa totere tapezeka m'misasa yambiri ya zaka 100 zoyambirira AD, pomwe cha ku Dura chili ndi chikopa chosokedwa. Mkuwa umakongola pa chionetsero, koma ukamenyedwa umatseguka n'kukhala mpeni wocheka zala ndi nkhope ya mnzanu. Womenyana atenge chikopa: achiviike mpaka chifewe, achikulunge m'mphepete, asoke m'mabowo otalikirana masentimita awiri kapena atatu, chikauma chimakokana n'kulimba ngati nyanga. Pa utoto, wa mkaka kapena wa mazira umaoneka bwino koma umafuna phula pamwamba. Penti wa acrylic wosawala amapirira ndipo patali sasiyana. Penti wonyezimira wa galimoto ndiye amawononga zonse.

Nsapato

Caligae, nsapato zotseguka za asilikali a Chiroma, zenizenizo zili ndi magawo atatu: chapansi chokhuthala, chapakati chomwe chimadulidwa pamodzi ndi timalamba tonse ta pamwamba kuchokera ku chikopa chimodzi n'kusokedwa kuchidendene kokha, ndi chopondapo chamkati. Misomali imakhomedwa kuchokera pansi nsapato itavekedwa pa chitsulo, kuti nsonga zikagunda chitsulocho zipindike n'kugwira magawowo pamodzi. Zotchipa zimakhala ndi timalamba tosokerera padera, soli yomatidwa ndi guluu, ndi misomali yaifupi yongobayidwa. Timalamba timathothoka pa msoko, misomali imagwa m'masiku awiri, ndipo chikopa chofufutidwa ndi mankhwala a chrome, njira yomwe inayamba m'zaka za m'ma 1800, chimatamuka chikanyowa. Apanso njira yakale ndiyo yolimba. Pangitsani zoyezera phazi lanu, pamwamba chikopa cha mamilimita 3, ndipo muzizivala pang'onopang'ono milungu ingapo musanapite ku ulendo. Malo olumikizira timalamba asagwere pa mfundo za zala kapena pa kakolo, ndipo matuza sadzabwera.

Misomali imatha, ndipo izi si vuto la wopanga. Wolemba mbiri wa Chiroma Tacitus amatchula ndalama yotchedwa clavarium yomwe asilikali ankafuna, ndalama ya misomali. Choopsa ndi kuterereka. Wolemba mbiri wachiyuda Josephus akusimba za kenturiyo Julianus yemwe mu 70 AD anathamangitsa adani m'bwalo la Kachisi ku Yerusalemu, misomali ya nsapato zake n'kuterereka pa miyala yosalala, anagwa chagada n'kuphedwa. Matailosi a m'sukulu ndi m'nyumba zosungiramo zinthu zakale amachita chimodzimodzi lero, ndipo eni nyumbazo sakondwa ndi zikanda. Musamate labala pansi pa nsapato zanu zabwino. Khalani ndi peyala yachiwiri yopanda misomali ya m'nyumba. Ndipo ngati mukutsanzira msilikali wa ku Britain wa pambuyo pa 100 AD, caligae zinali zikutha kale; ku Vindolanda, msasa wa Aroma wa kumpoto kwa England, zomwe zimapezeka kwambiri ndi nsapato zotseka. Sokosi zololedwa: kalata ina ya ku Vindolanda komweko imatchula sokosi ndi makabudula amkati otumizidwa kwa msilikali.

Lupanga ndi nthungo

Lupanga limodzi silingagwire ntchito ziwiri. Gladius, lupanga lalifupi la Aroma, ya mtundu wa Pompeii, ya mpeni wotalika pafupifupi masentimita 50, inali yopepuka ndi yosongoka. Yomenyanirana imafuna m'mphepete mokhuthala mamilimita 2 kapena 3 ndi nsonga yobulungira, ndiye imalemera ndipo siyenda m'dzanja ngati yeniyeni. Gulani ziwiri: yooneka ngati yakale yongoonetsa, ndi yobuntha ya spring steel monga EN45, kapena yamtengo. Yamtengo ili ndi mbiri yake: wolemba wa Chiroma Vegetius akunena kuti ophunzira usilikali ankaphunzira ndi malupanga amtengo ndi zishango zoluka zolemera kawiri kuposa zenizeni. Pewani stainless steel, yomwe imaduka ikagundana ndi inzake, ndipo masulani chigwiriro muone mchira wa lupanga. Ukakhala kawaya kowotchereredwa pa mpeni, tsiku lina mpeniwo udzauluka wokha kupita mwa oonera. Mchira ukhale gawo la chitsulo chomwecho, wotakata pomwe ukuyambira. Chigwiriro cha fupa la ng'ombe ndi mutu wamtengo n'zotchipa kale, palibe chifukwa chogulira pulasitiki.

Pilum, nthungo yoponya, ili ndi khosi lachitsulo lalitali pafupifupi masentimita 60. La mild steel limapindika likalasa nthaka youma, mumaliwongola ndi hamala, ndipo mukabwereza kangapo limaduka pomwepo. Khalani ndi nthungo zoponyera zapadera, yokongolayo izikhala m'manja. Malo omwe amang'aluka ndi pomwe chitsulo chalowa mu mtengo: maliveti ndi kakolala kachitsulo pamwamba, monga pa nthungo zofukulidwa ku Oberaden ku Germany, ndi zomwe zimaletsa.

Nsalu, tenti ndi ziwiya

Gumbwa wina wa ku Egypt wa mu 138 AD ali ndi oda ya zovala za asilikali a ku Cappadocia: mkanjo woyera wa ubweya, wotalika pafupifupi masentimita 155, mulifupi 140, wolemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Mkanjo wa msilikali unali thumba lalikulu lokwezedwa ndi lamba mpaka pamwamba pa mawondo, osati kadiresi kothina. Za mtundu, ofiira kapena oyera, akatswiri akukanganabe, tsatani gulu lanu. Za nsalu palibe mkangano: ubweya wa nkhosa weniweni umafunda ngakhale utanyowa ndipo sugwira moto msanga, pomwe poliyesita imasungunukira pakhungu pafupi ndi moto wa pamsasa. Kumalo otentha sankhani ubweya wopyapyala kapena bafuta. Adani a ubweya ndi njenjete ndi madzi otentha; chapani nsalu musanadule kuti ifupike kale. Misoko yamkati mungasoke pa makina, yooneka ndi manja. Pansi pa malaya achitsulo valani chovala chokhuthala pamapewa, ndi mpango m'khosi. Popanda izi zapachifuwa zimapendekeka, mahinjesi n'kumakokedwa mokhota mpaka kuduka.

Tenti ya asilikali asanu ndi atatu inali ya zikopa za mbuzi, pafupifupi 70 pa tenti imodzi, yolemera makilogalamu ngati 40. Ndi magulu ochepa omwe anaisoka, ndipo ikapindidwa yonyowa imachita nkhungu. Ya kanivasi yamtundu wa chikopa ndi kulolera komwe pafupifupi aliyense amavomereza, bola anene zoona akafunsidwa. Pa ziwiya palibe kukambirana: mtovu usayandikire chakudya ngakhale Aroma ankaugwiritsa ntchito. Poto wamkuwa akutidwe mkati ndi tini wopanda mtovu, ndipo tiniyo akapalika mpaka mkuwa kuonekera, musaphikiremo za viniga kapena vinyo.

Dzimbiri

Chomwe chimapha zida zambiri si nkhondo koma kusungidwa zonyowa. Thukuta lili ndi mchere, ndipo pomwe mkuwa wakhudzana ndi chitsulo dzimbiri limafulumira, n'chifukwa chake limayambira kuzungulira mahinjesi. Chikopa chofufutidwa ndi makungwa chikanyowa chimadetsanso chitsulo. Mukavula, pukutani mkati ndi kunja tsiku lomwelo, pakani mafuta pang'ono, ndipo musatsekere malaya m'thumba lapulasitiki kapena kusiya lupanga m'chimake miyezi. Mafuta a azitona amamveka achiroma koma amamata n'kugwira fumbi. Mafuta opepuka a makina amagwira ntchito ya tsiku ndi tsiku, phula monga Renaissance Wax ndi wosungira nthawi yaitali, WD-40 ndi yothamangitsira madzi chabe ndipo siikhalitsa. Dzimbiri likayamba, palani ndi kansalu kokhakhala mbali imodzi. Musapukute mpaka chitsulo chiwale ngati galasi ndi makina, chifukwa kupala kulikonse kumadya chitsulo chomwe n'chopyapyala kale. Timphete tiikeni m'thumba kapena m'chidebe ndi mchenga wouma, gubuduzani, sasani, pakani mafuta. Zomangira lamba ndi zisoti zina Aroma ankazikuta ndi tini, kotero kutero pa zanu kumateteza komanso kuli ndi umboni.

M'thumba lopita nalo ku chionetsero musasowe maliveti amkuwa 20 ndi mawashala ake, hamala yaing'ono yamutu wobulungira, kachitsulo kokhomerapo, chobowolera chikopa, pulayala ziwiri, lamba wachikopa wotalika mita imodzi, zingwe zomangira malaya, hinjesi imodzi ndi tingowe tiwiri tapadera, timphete tochepa, misomali ya nsapato yodzaza dzanja, singano ndi ulusi wopaka phula. Lamba wamkati akaduka, dulani mutu wa liveti lakale ndi pulayala kuchokera mkati, likankheni lituluke, ikani chikopa chatsopano, liveti, washala, dulani kuti patsale milimita imodzi ndi theka pamwamba pa washala, kenako khomani pang'onopang'ono mozungulira mpaka mutu ufutukuke. Mukakhoma mwamphamvu kamodzi liveti limapindika mkati mwa chikopa, ndipo muyambiranso.